Ankati ndapenga: zaka zitatu ndikusula sitima ya mkuwa pakhonde

Anthu a kwathu kuno ku Bangwe adandiweruza kalekale. Ena ankati mutu wayamba kuzungulira, ena ankati ndi zizimba zofuna kulemera, ndipo mayi wina wa pampopi adafika pofalitsa kuti ndikupanga ndege ya ufiti, kungoti yangayo ndi yamakono, yosalira lichero. Ndati lero ndiwayankhe onsewa pakamodzi kudzera m'nyuzi ino, poti kufotokozera mmodzimmodzi kwanditopetsa. Chomwe ndakhala ndikugogoda pakhonde kuyambira mu 2021 ndi sitima. Inde sitima, mutu wa sitima ya malasha, wopangidwa ndi mkuwa wachikasu uja amisiri amati bulasi. Kutalika kwake pamodzi ndi ngolo yake ya malasha kukupitirira pang'ono mkono wa munthu wamkulu, kuyambira paphewa mpaka kuzala. Ukaiika panjanji yake imayenda.

Mwina mufunsa kuti bambo wa ana anayi, wa imvi kale, zoseweretsa n'zachiyani? Nkhani yake ndi ya bambo anga.

Madalawa adali fayamani, munthu woponya malasha m'ng'anjo ya injini, ndipo ife tidakulira m'nyumba za anthu a njanji ku Limbe. Ana a lero sitima amaidziwa ya dizilo, ija imadutsa pa Nkaya itasenza malasha a ku Moatize kupita kudoko la Nacala. Sadziwa kuti kale malashawo sankangokwera sitima ngati katundu, ndiwo ankaiyendetsa. Njanji idafika mu Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, komwe lero timati ku Nsanje. Mu 1935 adatsegula mlatho wautali wa Dona Ana pa Zambezi, ndipo chaka chomwecho njanji ya kumpoto idafika ku Salima. Zaka zonsezo, mpaka pomwe dizilo adalanda ufumu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, tiyi, fodya, thonje ndi anthu nthawi zambiri zinkayenda ndi moto ndi madzi. Kuchoka ku Chiromo kukwera kudzera ku Sandama ndi ku Luchenza mpaka ku Limbe ndi chitunda cha mamita oposa 1,000, ndipo chitunda chonsecho sitima inkachikwera ndi msana wa munthu mmodzi wogwira fosholo. Munthuyo, masiku ena, adali bambo anga.

Mu 2020 maso awo adayamba kuchita chifunga. Tidaganiza kuti ndi ng'ala yoti akangopala basi, koma kuchipatala adati vuto lili mumtsempha wa diso, ndipo chomwe chatayika sichibwereranso. Tsiku lina tili pakhonde akufotokozera mdzukulu wawo, mwana wanga wotsiriza, za injini yomwe ankaikonda, mwanayo adafunsa kuti, "Agogo, ndiye inali ngati thirakitala?" Madala adangoti chete. Patapita nthawi adandiuza motsitsa mawu kuti, "Iwe, ine ndikatsinzina injini ija ndimaiona yonse, mpaka kabawuti kalikonse. Koma ndikapita ine, ndiye kuti yapitanso kachiwiri."

Mawu amenewo ndiwo adandipengetsa, ngati ndi kupenga.

Injini yomwe ankanenayo ndi ya gulu la G, imodzi mwa zomwe a Nyasaland Railways adagula nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, potengera mapangidwe a injini za gulu la River za ku Nigeria. Anthu a njanji amaziwerenga kuti 2-8-2, kutanthauza timawilo tiwiri kutsogolo tolondolera njira pokhota, mawilo akuluakulu asanu ndi atatu okoka, ndi ena awiri kumbuyo osenza ng'anjo. Ine ntchito yanga ndi yokonza mawailesi ndi mafiriji, choncho kumata ndi mtovu ndinkakudziwa. Koma kumata waya wa wailesi ndi kusula sitima n'zosiyana ngati kuphika tiyi ndi kuphika nsima ya pamaliro.

Choyamba chidali kugwirizana za kukula kwake. Anthu opanga tisitima totere kunja amatsata muyeso, sangopanga mwachisawawa ngati mmene tinkapangira magalimoto a mawaya tili ana. Chilichonse chimachepetsedwa mofanana, kuyambira chumuni mpaka chogwirira cha chitseko. Ine ndidasankha kuchepetsa ka 24, ndipo chifukwa chake n'chosavuta: bambo anga mpaka lero amaganiza m'mafiti ndi mainchesi, za mamita adazikana. Ukachepetsa ka 24, fiti imodzi imasanduka theka la inchi. Akati chinthu chidali mafiti sikisi, ine ndimadziwa kuti ndidule mainchesi atatu, popanda kusaka pensulo. Njanji yathu, monga ya ku Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa, mpata wake ndi mafiti atatu ndi theka, kapena kuti mamilimita 1,067. Pamuyeso wangawu ndiye kuti inchi imodzi ndi makota atatu.

Mapulani a kufakitale ndidalibe. Ndidali ndi zinthu zitatu: chithunzi chakale cha madala ataima pambali pa injini atavala ovolosi, chithunzi china chojambulidwa cham'mbali chomwe mphwanga adandipezera pa intaneti, ndi mutu wa madalawo. Nzeru yake ndi iyi. Mawilo okoka a injiniyi adali a mafiti anayi. Ndiye ukayeza wilo pachithunzi, wapeza rula. Ngati boyila pachithunzipo ndi yaitali ngati mawilo angapo ondondozana, uchulukitsa basi. Ndidakhala miyezi iwiri ndikujambula pamakatoni a sopo, kufufuta, kujambulanso. Loweruka lina ndidapita ku Museum ya ku Chichiri, komwe kuli injini zakale panja, kukaona ndi maso mmene maliveti amakhalira pachitsulo, mmene mapaipi amapindikira ndi mmene zokowera ngolo zidapangidwira. Ana a sukulu omwe adabwera kudzaona zakale adayamba kuonera ine, bambo wamkulu nditagwada pansi ndi tepi m'manja.

Kenako nkhani ya mkuwa. Chifukwa chiyani mkuwa, osati malata a zidebe omwe ali mbwee? Bulasi ndi kopa wosakaniza ndi zinki. Sachita dzimbiri lofiira ngati chitsulo, amadulika bwino ndi sowo yaing'ono, tupa amamudya mosavuta, ndipo mtovu umamugwira msanga. Koma kumupeza kwake! M'sitolo za hadiweya ukafunsa bulasi wa chipepala amakuyang'ana ngati wafunsa mkaka wa nkhuku. Adandipulumutsa ndi anyamata okonza maladiyeta ku Ndirande. Maladiyeta a malole akale, asanabwere a pulasitiki ndi aluminiyamu awa, matanki ake a pamwamba ndi pansi adali a bulasi. Ndinkagula akuthaitha, kuwang'amba, kuwawongola ndi hamala yamtengo, n'kupala mtovu wakale. Zina zidachokera ku mapulayimasi akufa, maloko, mipopi yothyoka, ndi chikwangwani cha pachitseko cha ofesi ina yomwe idatsekedwa. Timasowo topyapyala ngati ulusi, tomwe amadulira osula ndolo ndi mphete, ndi mawaya a bulasi a makulidwe osiyanasiyana, adanditumizira ndi mphwanga uja kuchokera ku Johannesburg pabasi.

Apa ndinene chinthu chimodzi chomwe chidandiwawa m'misika ya zitsulo zakuthayi. Kangapo konse ndidaona pamulu zinthu zoti munthu wokulira kunjanji sangaziphonye: mabawuti a njanji, zomangira njanji kumapilo ake, ngakhale chidutswa cha belu. Wogula safunsa komwe zachokera, amangoika pasikelo. Timadandaula kuti sitima ya kumunsi idasiya kuyenda madzi atadula njanji ku Chiromo mu 1997, timaloza boma, timaloza makampani, zoona ali ndi mlandu wawo. Nanga uyu wozula bawuti usiku kuti akagule kachasu, ameneyu ndi wa chipani chanji?

Tibwerere pakhonde. Phunziro loyamba lidali la boyila. Ndidatenga chipepala cha bulasi n'kuyamba kuchikulunga papaipi ya madzi kuti chikhale chobulungira. Chidakana, chikubwerera ngati sipuling'i, ndipo nditachikakamiza chidang'aluka. Mkulu wina wokhoma zidebe adandiseka. "Achimwene, mkuwa saulimbana nawo, amaunyengerera ndi moto." Zoonadi, bulasi ukamamumenya kapena kumupinda amaumirira, koma ukamuwotcha pambaula mpaka afiire pang'ono ngati khala lomwe likuzima, n'kumusiya azizire, amafewa moti umamupinda ndi zala. Ukapindapinda aumanso, umuwotchanso. Boyila yanga idalowa pamoto kanayi isanavomere. Makala ake adali a amayi a kunyumba, ndipo nkhani ya makalayo sidathe mpaka lero.

Ena amandifunsa ngati imayenda ndi nthunzi yeniyeni. Ayi. Alipo akatswiri kunja omwe amapanga zoyaka moto weniweni, koma boyila ya zotero amapangira kopa, n'kumata ndi siliva, chifukwa bulasi akakhalitsa m'madzi otentha zinki amachokamo, chitsulo n'kufumbwa mkati osaoneka kunja. Tsiku lina chingakuphulikire kumaso. Ine m'nyumba muli kale munthu mmodzi wosaona, sindidafune wachiwiri. Yanga imayenda ndi kamota ka pulinta yakufa komwe ndidabisa m'ng'anjo, mabatire ali m'ngolo ya malasha.

Mawilo ndiwo adandidyera ndalama. Wilo la sitima lili ndi masipoko, lili ndi chotupa chomangirapo mkono wokoka, lilinso ndi cholemera mbali inayo choti lisamadumphe pozungulira. Zimenezi sungadule ndi sowo kasanu ndi katatu n'kufanana. Ndidasema limodzi pathabwa, lokulirapo pang'ono poti chitsulo chikamazizira chimanyala, n'kupita nalo kwa bambo wina woumba miphika ya aluminiyamu. Iye amadinda chinthu mumchenga wonyowa, n'kuthira chitsulo chosungunuka m'dindamo. Poyamba adakana. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, pomwe bulasi amafuna 900 ndi kupitirira, ndiye makala ake ndi ambiri, wopukusa mvukuto amachita kulira. Komanso bulasi akasungunuka amatulutsa utsi woyera wa zinki, woti ukaupuma usiku wake umanjenjemera ngati malungo. Tidagwirizana mtengo, tidaima kumbali yochokera mphepo, n'kusungunula mipopi yakale. Tidathira mawilo khumi ndi atatu kuti tipeze asanu ndi atatu abwino. Enawo adatuluka ndi mabowo ngati chisa cha njuchi. Mnzanga wina wa pagalaja adandisemera onse pa lathe mpaka aliyense adakwana mainchesi awiri ndendende, malipiro ake ndidamukonzera firiji.

Tsopano maliveti. Amene mudaonapo injini yakale mukudziwa kuti thupi lake, makamaka ngolo ya madzi ndi malasha, lili ndi mizere ya timitu tobulungira ngati mphini. Popanda timeneti kasitima kamaoneka ngati chitini cha mafuta. Pamuyeso wanga kamutu kalikonse n'kochepa kuposa njere ya mapira. Sumachita kukhoma liveti weniweni. Umatembenuza chipepala, kuika pachitsulo chomwe waboola kadzenje kosaya, n'kugogoda kumbuyo ndi msomali wobuntha nsonga. Kutsogolo kumatuluka kamutu. Vuto n'lakuti dzanja la munthu silimenya mofanana: apa kwambiri mpaka kuboola, apa pang'ono. Ndidataya mbali ziwiri za ngolo ndisanapeze nzeru yoika msomali uja m'kapaipi koimirira, n'kumagwetsera bawuti yolemera kuchokera pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Kugwa kofanana, kamutu kofanana. Mizere ndinkayamba ndajambula papepala n'kulimata kumbuyo kwa bulasi. Pangolo yokhayo pali timitu toposa 600, ndipo phokoso la go! go! go! usiku ndi lomwe lidabala nkhani ya ndege ija.

Kumata ndiko kudandichititsa manyazi, ine wodzitcha katswiri wa mtovu. Malamulo ake ndi omwe aja: chitsulo chiyere mbee, upake mankhwala oyeretsa omwe okhoma zidebe amapanga poponya tizidutswa ta zinki mu asidi, ndipo utenthetse chitsulocho, osati mtovu. Koma bulasi amayendetsa kutentha mofulumira zedi. Tsiku lina ndikumata kachitsulo kogwirira m'mbali mwa boyila, ndidangoona chinthu chikusendera pang'onopang'ono: chinunda cha pamwamba pa boyila, chomwe ndidavutika nacho sabata yathunthu, chasungunuka pomatira, chikutsetsereka ngati chipewa cha woledzera. Pofuna kuchigwira ndidapsa zala zitatu, chumuni nayo n'kugwa. Mawu omwe ndidayankhula tsiku limenelo sangalembedwe m'nyuzi yowerenga ndi ana. Ndidaphunzira kuti zikuluzikulu umayamba kumata ndi siliva, yemwe amafuna moto wa gasi woposa madigiri 600, kenako zing'onozing'ono ndi mtovu wamba womwe umasungunuka usanafike pa 200. Ndipo pomata chatsopano, zakale zoyandikana nazo umaziphimba ndi kansanza konyowa kapena kachidutswa ka mbatata yaiwisi kuti kamwe kutentha. Ukamaliza utsuke bwinobwino ndi sopo, apo ayi mawa upeza zonse zabiriwira ndi asidi uja. Usaiwalenso kusamba m'manja usanagwire nsima, mtovu ndi poizoni.

Za nkhuku ndingonena mwachidule. Wezulo ya sitimayi ndi kanthu kotalika ngati njere ya mpunga, ndidaisema masiku awiri. Idagwa pansi, thadzi la amayi a kunyumba lidathamanga n'kumeza. Lamulungu lotsatira tidadya nkhuku mosakonzekera, ndipo wezulo idapezeka m'nthutumba, yowala kuposa mmene ndidaipukutira ine.

Pofika chakumapeto kwa 2023 sitima idaoneka ngati sitima. Anthu omwe ankandiseka adayamba kuima pampanda. Ndidakhoma njanji ya mamita atatu pathabwa, ndidaika mabatire, banja lonse lidasonkhana, madala atakhala pampando wawo wa ndalema. Ndidayatsa. Mawilo adazungulira theka, n'kuima gwa! Kamota kakungolira. Ndidakankha ndi chala, idayenda theka lina, n'kuimanso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndidavutika nayo masabata atatu. Ndidapeza cholakwa chimodzi: mafelemu awiri omwe amagwira ma ekiselo ndidawaboola payekhapayekha, ndiye mabowo adasiyana pang'ono, mwina ngati kukhuthala kwa tsitsi liwiri. Pakanthu kakang'ono chotere, tsitsi liwiri ndi mtunda. Ndidadula ena atsopano, ulendo uno ndidawamata pamodzi ndi mikono yolumikiza mawilo, n'kuboola zonse nthawi imodzi kuti mipata ifanane, kenako n'kuzimatula. Idayamba kuyendako bwino, koma pamalo amodzimodzi inkagwirabe. Apa mtima udafooka. Amayi a kunyumba, omwe adapirira makala, nkhuku ndi ndalama ya yunifolomu yomwe idasanduka siliva womatira, adandifunsa modekha kuti, "Abambo, kodi chinthuchi chidzatha agogo akadali moyo?" Funso limenelo lidandilasa kuposa chipongwe cha pampopi, chifukwa mwezi womwewo madala adagonekedwa m'chipatala masiku asanu ndi chifuwa.

Atatuluka, tsiku lina madzulo adati, "Tabwera nayo kuno." Nthawi imeneyi n'kuti akungosiyanitsa kuwala ndi mdima basi. Ndidaiika pamiyendo pawo. Adayamba kuipapasa kuyambira kutsogolo, chala chikuyenda pachumuni, pachinunda, pamapaipi, osayankhula. Kenako adaika chala cha dzanja lamanja pa wilo la kumanja, cha dzanja lamanzere pa wilo la kumanzere, pomwe pamalumikizika mikono. Adazungulitsa pang'ono. Adaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe, adakuphunzitsa ndani? Mikonoyi waiika ngati mapedulo a njinga, wina pamwamba wina pansi. Sitima yotere ikaima pa Luchenza mpaka mudzaitane anthu a m'mudzi adzakankhe."

Ndidati, "Nanga imakhala bwanji, bambo? Pachithunzi paja mbali inayo sioneka."

Adandifotokozera ngati mwana wa sitandade wanu. Pisitoni ikafika kumapeto kwa ulendo wake, mkono umakhala utawongoka mzere umodzi ndi pakati pa wilo, ndipo pamenepo ngakhale ukankhe bwanji wilo silizungulira. Ngati mbali zonse ziwiri zifika pamalo akufawo nthawi imodzi, injini yafa. N'chifukwa chake mbali imodzi imatsogolera inzake ndi kota ya kuzungulira, madigiri 90, kuti uku kukafa, uko kukhale kuli pamphamvu yonse. "Sudamvepo sitima ikupuma? Wilo likazungulira kamodzi imapuma kanayi, mofanana. Ukamva ikupuma motsimphina, dziwa kuti china chake chalakwika m'mavavu." Adayamba kuwomba m'manja kutsanzira mpumo wake pochoka pa siteshoni, pang'onopang'ono kenako mofulumira, mdzukulu uja akuvina.

Zaka ziwiri ndi theka ndikuyang'ana zithunzi ndi maso awiri abwinobwino, chinthu adachipeza ndi munthu wosaona m'mphindi zitatu. Ndidazula mawilo a mbali imodzi, ndidapanga kachipangizo kathabwa koti ekiselo iliyonse ikhale pa kota yofanana ndi inzake, poti ikangosiyana imodzi mwa zinayizo mikono imalimbana. Usiku wa tsiku lachitatu, magetsi atazima monga mwa nthawi zonse, tidayatsa kandulo n'kuiika panjanji. Idanyamuka yokha, mikono ikukwera ndi kutsika, timikono ta mavavu tija adatulukira Egide Walschaerts wa ku Belgium mu 1844 tikugwedera ngati miyendo ya chiswamphika. Idafika kumapeto kwa thabwa, mwana adaigwira isanagwe. Madala adaika khutu pafupi, adati ibwerezenso. Tidabwereza mpaka mabatire adatha.

Mukaganiza kuti adandiyamikira ndiye kuti simuwadziwa anthu a njanji. M'mawa mwake adayamba kuwerenga zosowa. Choyamba mapaipi a mchenga. "Ukukwera kuchokera ku Sankhulani mvula ikuwaza, njanji ili tereretere, wopanda mchenga upita kuti? Mawilo angozungulira pamodzimodzi, moto wonse womwe ndaponya n'kuthawira kuchumuni." Ndidapinda mawaya opyapyala kuchokera m'bokosi la mchenga kutsikira kutsogolo kwa mawilo. Kenako galasi loonera madzi m'kachipinda ka dalaivala, lomwe adati ndilo diso la fayamani: madzi akatsika mpaka denga la ng'anjo kuuma, anthu amasiya ana amasiye. Ndidalipanga ndi kachidutswa ka chubu cha bolopeni. Kenako ma injekita, zipangizo zomwe zimalowetsa madzi m'boyila pogwiritsa ntchito nthunzi ya m'boyila momwemo, zomwe mpaka lero ndimaziona ngati matsenga ngakhale andifotokozere kangati. Paipi ya mabuleki kutsogolo, nyali yaikulu, chitsulo chokankhira ng'ombe zogona panjanji, zopondera, ndowe ya ofesi yopachika kumbuyo. Chilichonse ankachipapasa, n'kunena kuti chakula, chachepa, kapena chili mbali yolakwika. Mwezi wa Juni 2024 adati chitseko cha ng'anjo chizitseguka. Ndidati bambo, chitseko chake n'chochepa ngati chikhadabo. Adati ndiye chikhadabocho chizitseguka. Chimatseguka.

Chomaliza chidali fosholo. Ndidaidula kuchokera pa kachidutswa kotsala ka pulayimasi, chogwirira chake ndi kamtengo ka machesi kosemedwa. Nditawapatsa m'manja adaigwira ndi zala ziwiri nthawi yaitali. Kenako adayamba kusimba zomwe sadatiuzepo: mmene ankaponyera malasha m'makona a ng'anjo osayang'ana, poti kuwala kwa moto kunkachititsa khungu, mmene ankawotchera chimanga ndi mazira pafosholo yeniyeniyo akudikira sitima inzawo pa siteshoni yaing'ono, mmene malaya ankaumira ndi mchere wa thukuta pofika ku Limbe. Mdzukulu uja, wa thirakitala uja, ndiye ankafunsa mafunso, ndipo ine ndidatenga foni n'kujambula mawu onse. Dalaivala wina wa lole yonyamula malasha a ku Mchenga, ku Rumphi, adandipatsa chibulumwa chimodzi. Ndidachiphwanya mumtondo, kusefa ndi sefa ya ufa, n'kudzaza m'ngolo. Madala adanunkhiza, adati awa ndi malasha ndithu, koma akadakhala awo akadawanyowetsa kaye kuti fumbi lisalowe m'maso mwa dalaivala.

Mbiri idamveka, anthu akubwera. Aphunzitsi a pasukulu ina ya pulaimale adabwera ndi ana a sitandade 7 kuti aone mmene nthunzi inkayendetsera chitsulo, ndipo amene adaphunzitsa ndi madala, ine ndidangokhala wonyamula njanji. Mnyamata wina wa magalimoto a mawaya, wa zaka 13, amabwera Loweruka lililonse, pano akudula yekha mawindo a ngolo ya anthu, ndipo dzanja lake ndi lokhazikika kuposa langa. Adabweranso mkulu wina wogula zitsulo zakutha, adaitukula, adaiyeza m'manja, n'kunena kuti bulasi yekhayu angandipatse ya matumba awiri a chimanga. Amayi a kunyumba ndiwo adamuperekeza mpaka pageti, ndipo mawu omwe adamuuza nawonso sangalembedwe muno.

Mkangano womwe watsala ndi wa penti. Ine ndikufuna ikhale chomwechi, yowala chikasu, anthu aziona kuti ndi mkuwa ndiponso kuti timitu 600 tija ndidagogoda ndi manja. Komanso bulasi ndi wovuta penti, imasupuka ngati sudayambe wapaka yapansi yapadera yomwe imaluma chitsulo, ndipo imeneyo kuno sindidaipeze. Madala akuti zimenezo ndi zifukwa za munthu waulesi. Akuti injini ya ntchito imakhala yakuda, ya mwaye pamsana, ya mafuta m'miyendo, ya mizere yoyera pomwe madzi adadontha n'kuuma, ndipo yowala chotereyi iwo sadakwerepo. Ndidawakumbutsa mwaulemu kuti ngakhale nditaipaka, iwo saiona. Adati, "Ndidzaimva ndi zala. Penti ndi mkuwa sizizizira mofanana."

Mphwanga wa ku Johannesburg wati kachitini ka penti yapansi ija akapatsira munthu wobwera pa Khirisimasi.